Dzina la Msuweni

Lolemba

Ahedi atiitana ku ofesi belu lisanalire. Nkhani ziwiri. Yoyamba: Lachisanu kukubwera a insipekitala kuchokera ku boma. Yachiwiri: mpando wa wachiwiri kwa ahedi ukadali wopanda munthu, ndipo amene a insipekitala amuyamikire ndiye akhalepo. Ponena zimenezi ahedi akuyang'ana kudenga. Mayi Gama akuyang'ana ine. Ine ndikuyang'ana Mayi Gama. Aphunzitsi enawo mitima ili ku mpunga wawo kudambo.

Mpando pawokha ndilibe nawo njala. Koma umabwera ndi nyumba ya malata. Yathu ino ndi ya udzu, ndipo mvula yathayi mayi a kunyumba ankaphika atafunda thumba la feteleza. Anandiuza kamodzi kokha, mwaulemu, kuti kwawo ku Maganga denga silidontha.

Mayi Gama akonza kwaya. Sananene, koma ndawamva akuyesa mawu kuseri kwa kalasi. Chaka chilichonse kwaya. Ana awo kuchulukitsa ndi seveni sadziwa, koma akatsegula pakamwa mlendo amapukuta misozi.

Ine ndachita kuganiza. Chipepala chachikulu cha manila pakhoma la Sitandade 8, mutu wake MAYINA ATHU NDI KUMENE ANACHOKERA. Mizere itatu: dzina la makolo, chiyankhulo, tanthauzo. Mbiri, jogalafe ndi Chichewa papepala limodzi. Munthu wophunzira sangadutse osaima.

Zofunika: manila anayi, inki yofiira, rula, phala la chinangwa lomatira.

Ndatsegula kaundula. Ana 58. Ena mayina awo ndikuwadziwa kale osafunsa munthu:

- Bwanali. Chiswahili. Bwana Ali, anthu anangolumikiza.
- Saidi, Selemani. Chiarabu. Anabwera ndi ngalawa za matanga ndi mikanjo.
- Juwawo. Chipwitikizi. Agogo ake anathawa chikoti kutsidya.
- Foloko, Supuni, Tebulo. Chingerezi. Wina ankaphikira mzungu, mzunguyo anaona kuti dzina lenileni ndi lalitali, anangoyang'ana chimene chinali pafupi.
- Phiri, Mwale, Mbewe. Mifunda yathu. Awa ndi eni nthaka, ngakhale ambiri alibe ndi munda womwe.
- Gama. Chingoni. Ndinamva kuti kwa eni ake liwuli limangotanthauza kuti "dzina". M'kalasi mulibe mwana wa Gama, koma ndiliika ngati chitsanzo. Mayi aja amadutsa pakhomo panga popita ku kwaya.

Ana ndawatuma: aliyense akafunse kunyumba kumene dzina lake linachokera, mawa abwere ndi yankho lolemba. Ena aseka. Ena, makamaka akuluakulu a kumbuyo aja ometa ndevu, angoti zii. Ulesi, ndikuganiza.

Langa sindiika. Mphunzitsi sakhala pakhoma.

Lachiwiri

Mayankho abwera 37. Chuma chenicheni.

Faifi: "Atate akuti agogo ankalowa mgodi wa nambala faifi ku Joni. Amalume akuti anali ndi akazi asanu. Amayi akuti zonse ziwiri n'zoona."

Sitima: "Agogo anatsanzika mudzi wonse kuti akupita ku Halale. Atafika ku Chipoka sitima inawasiya. Anabwerera tsiku lomwelo."

Chirwa: "Ife ndife Atonga." Basi. Mwanayo akuona kuti zakwanira, ndipo akundidabwa kuti ndikufunanso chiyani.

Mwale: "Atate akuti funsoli mukafunse kumanda."

Ndalemba zonse ndi inki. Zikuoneka bwino kwambiri. Mayi Gama adutsa kawiri. Ulendo wachiwiri sanalonjere.

Nthawi ya buleki. A Foloko, ogulitsa nsomba zouma, mkulu wa mpingo, afika atavala jekete dzuwa lili pamutu. Kumbuyo kwawo a Supuni ndi a Tebulo. Khitchini yonse yabwera. A Foloko akuti agogo awo sanaphikirepo munthu, anali msilikali wa Angoni, dzina lawo linali Mfoloko. Ndafunsa mwaulemu kuti m'Chingoni limatanthauza chiyani. Akuti, "Likutanthauza kuti mufufute." Ndafufuta atatu onsewo. Inki sifufutika, ndamata timapepala.

Masana. A Jafali, osoka maukonde kudoko, andipeza pansi pa mtengo wa mango. Munthu wofatsa. Avula kofia, ayang'ana uku ndi uku. "Aphunzitsi, mwana wanga kunyumba ndi Jafali, kusukulu ndi Mbewe. Tanthauzo mukufuna la liti?"

Ndiye pamene ndadzidzimuka. Ana 21 aja osabwera ndi yankho si aulesi.

Nkhani yake aliyense amaidziwa, palibe amene amailemba. Mwana akalemba mayeso a Sitandade 8 osasankhidwa kupita ku sekondale, akabwereza ndi dzina lomwelo kumtunda amaona kuti ndi wobwereza, amamuika pambali. Choncho amabwereka dzina la m'bale kapena mnansi amene anasiya sukulu, n'kulemba ngati watsopano. Kaundula amalandira osafunsa. Ine ndatuma ana 21 kukafunsa mbiri ya agogo a eni ake.

Ndakauza ahedi. Atseka chitseko cha ofesi, chinthu chimene amachita pa nkhani za mimba zokha. Akuti, "A Sinoya, mukufuna a insipekitala afunse Mbewe chifukwa chake amathawa kalasi Lachisanu kupita ku mzikiti? Mayeso atsala pang'ono. Ana amenewa akachotsedwa, makolo awo akudziwa pamene mumakhala."

Ndachotsa 21.

Ndilembe muno, poti kopeli limagona m'kati mwa mtsamiro. Ine ndiye ndinayenera kukhala woyamba kuzindikira. Ndinabadwa Pondamali. Dzina la Chiswahili, agogo analipata ku Nkhotakota, tanthauzo lake munthu wowononga chuma, ngakhale chuma chowonongacho m'banja mwathu sichinaonekepo. Sitandade 8 ndinalemba kawiri, osasankhidwa. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, anali atangothawa mu Sitandade 7, nyanja itamuitana. Dzina lake linatsala m'kaundula, loyera, losalembapo mayeso. Azakhali anati, "Tenga, likungodya malo." Chaka chimenecho Sinoya anasankhidwa. Sinoya ali ndi satifiketi. Sinoya amalandira malipiro a boma. Sinoya weniweni ali pachilumba cha Mbenji kupha utaka, ndipo itafika nthawi ya msonkho ndi khadi la Chipani anangotola Pondamali, poti nalo linkangokhala.

Boma litadziwa: satifiketi si yanga, ntchito si yanga, ngakhale nyumba yodonthayi si yanga.

Zaka khumi ndi zisanu ndavala dzinali, mpaka ndinaiwala kuti lili ndi msoko.

Lachitatu

Otsala pachipepala: 34. Akadali ambiri. Mtima pansi.

Ahedi alowa m'kalasi ana asanafike, awerenga, aima pa dzina lina. Ayang'ana chithunzi chimene chimapachikidwa pamwamba pa bolodi. Ayang'ananso chipepala. Ana asanu ndi anayi m'kalasi muno ali ndi dzina lofanana ndi la mwini chithunzicho. Tanthauzo lake ndinali nditalemba ndi pensulo. Si loipa. Komanso si lalikulu. Ngakhale muno sindilemba.

Akuti, monong'ona, "Munthu uyu dzina lake silitanthauza kanthu. Limangokhala." Kenaka aona kuti chimene anenacho nachonso n'choopsa, atuluka osamaliza.

Ndachotsa asanu ndi anayi. Otsala 25.

Cha m'ma leveni. A tcheyamani a nthambi ya Chipani afika pa njinga, baji pachifuwa. Mwana wawo ndi mmodzi wa asanu ndi anayi aja, wapita kukanena kuti aphunzitsi amata dzina lake. A tcheyamani kuwerenga amawerenga pang'onopang'ono, koma chimene chasowa amachiona msanga. "Aphunzitsi, mayina onsewa alipo, la mwini dziko mulibe. Mwina pali chimene chinakulakwirani?"

Ndayankha kuti ndimalisungira malo apamwamba. Ndalilemba pomwepo iwo akuona, pamwamba penipeni, zilembo zazikulu zofiira, opanda tanthauzo. Agwedeza mutu. Ndimati zatha.

Chala chawo chatsikira mzere wachiwiri. "Chiyao. Chitonga. Chingoni. Chiarabu. Kodi tayambanso kugawa anthu? Si paja tonse ndife amodzi?"

Mzere wa ziyankhulo ndaudula ndi lezala. A tcheyamani apempha chidutswacho, akuti akayatsira fodya. Sasuta.

Mayi Gama kwaya ikumveka mpaka kuchigayo.

Poweruka ahedi andiitananso, ulendo uno akumwetulira, kalata ya ku boma ili m'manja. "Mwayi wanu, a Sinoya. Taonani amene wasayina." Ndaona. A insipekitala amene akubwera Lachisanu nawonso ndi a Sinoya.

"Dzina losowa ngati limeneli, simungalephere kukhala pachibale. Nyumba ija muyambe kusesa."

Ndaseka nawo.

Zimene ndikudziwa za banja la Sinoya:
1. Amuna awo a azakhali anali a Sinoya.
2. Anachokera cha kumpoto, kudzakhala chikamwini.
3. Anamwalira ine ndili wamng'ono.
4. Anali ndi chipewa.

Munthu wa dzina losowa akakumana ndi mnzake, funso loyamba ndi lakuti, "A Sinoya a kuti?" Lachiwiri, "Mwana wa yani?" Lachitatu ndiye limamangitsa.

Nsima sinalowe. Mayi a kunyumba akuti mwina ndi malungo.

Lachinayi

Mbiri ya a Foloko yamveka mudzi wonse: ukapita kusukulu utavala jekete, tanthauzo limasintha.

Chiyambire m'mawa, majekete.

A Sitima akuti agogo awo sanasiyidwe ndi sitima, ankaiyendetsa. A Faifi akuti akazi asanu aja anali a mfumu, ndipo mfumuyo ndi agogo awowo. A Juwawo akuti sanathawe chikoti, anachita kuitanidwa. Pofika masana Sitandade 8 ilibe mdzukulu wa wophika, wa mlonda kapena wa kapolo. Onse ndi adzukulu a mafumu. Sindikudziwa amene ankalima.

Womaliza ndi mkulu wina wa ku Maganga, mwini mbumba, wayenda wapansi. Iye alibe dandaulo ndi tanthauzo. Akuti pepala lonse n'lolakwika. "Mwalemba mayina a akamwini okhaokha. Bambo ndi mlendo. Mwana ndi wa kwa mayi ake." Ndamuuza kuti boma limafuna dzina la bambo. Akuti n'chifukwa chake boma silidziwa anthu ake. Ndamupempha kuti mawu amenewo akanenere kutali ndi windo.

Mzere wa matanthauzo wafufutidwa ndi kumatidwa mpaka wabooka. Lezala.

Chatsala: dzina limodzi lofiira pamwamba, pansi pake mayina 25 opanda chiyankhulo, opanda tanthauzo. Ndagwira ntchito masiku anayi kupanga kaundula wachiwiri, woperewera.

Poweruka, njinga mpaka kudoko. Mwayi: msuweni wabwera dzulo kuchokera ku Mbenji. Pachilumbapo salola mkazi, mowa ndi juga, ndiye pakapita milungu ingapo amabwera kumtunda kudzaona zonse zitatu. Ndampeza wakhala pa boti latsopano, losapaka utoto, akulamula anthu oyanika utaka pa thandala. Mimba yatsogola.

"Sinoya!" akukuwa, doko lonse likumva. "Dzina langa ukulidyetsa chiyani? Laonda."

Ndamukokera kuseri kwa maukonde, ndamufotokozera. Waseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Kenaka wandipatsa mbiri, ine ndikulemba pa bondo:

- Agogo ake anayenda wapansi kupita ku Rodeshiya, anakagwira ntchito m'munda wa fodya pafupi ndi tauni yotchedwa Sinoya.
- Anabwerako ndi chijasi ndi galamafoni yopanda singano.
- Nkhani iliyonse ankayamba ndi "Ku Sinoya". Mvula ya ku Sinoya, ng'ombe za ku Sinoya. Mudzi unatopa, unawapatsa tauniyo kuti akhale nayo.
- Ana aamuna awiri. Wamkulu ndi bambo ake a msuweni, a chipewa aja. Wamng'ono anali pasukulu ya mishoni, anathawa pakati pa chaka kutsata mbiri ya ku Sinoya, sanalembepo kalata mpaka lero.

Dzina la tauni ya eni ake, limene mwini wake anangopatsidwa pomunyoza. Ndiye limene ndakhala ndikuopa kulandidwa.

Ndamuchonderera kuti asauze munthu, makamaka azakhali. Akuti, "Msuweni, ine ndi manda." Ndili pa njinga ndatembenuka. Manda aja akuthamangira kunyumba kwa mayi ake.

Ndaloweza mbiri yonse ngati ndakatulo. Mayi a kunyumba andifunsa mafunso atatu aja kasanu. Ndakhoza kanayi.

Lachisanu

Mwera chiyambire m'bandakucha. Chipepala chagwa kawiri. Phala la chinangwa mbewa zadya.

Galimoto ya boma yafika cha m'ma naini. A insipekitala: wamtali, imvi m'mbali, tayi, nsapato zowala ngati chambo chongovuulidwa. Ahedi atipereka mmodzimmodzi. Afika pa ine, mawu akwera. "A Sinoya, awa ndi a Sinoya."

"Ehe," iwo.

"Ehe," ine.

Ndikudikira funso loyamba. Mbiri ili pakamwa, chijasi, galamafoni, zonse. Funso silikubwera. Dzanja lawo n'lonyowa kuposa langa. Afunsa ahedi kumene kuli chimbudzi.

M'kalasi mwanga akhala kumbuyo, pakati pa ometa ndevu aja. Ndaphunzitsa mitsinje. Ayang'ana chipepala, awerenga mutu wake, achotsa maso msanga ngati aona apongozi akusamba. Mwana ngakhale mmodzi sanamufunse dzina. Akungoti "iwe wa pakona", "iwe wa malaya obiriwira". Mbewe wakhala m'kalasi mpaka belu, mzikiti waphonya.

Kwaya ya Mayi Gama. Nyimbo zinayi. Apukuta misozi. Mwina ndi thukuta.

Ndimati ndapulumuka. Ndikuwaperekeza ku galimoto, ahedi abwerera kukatenga buku la alendo. Pansi pa mango pali azakhali. Chitenje cha pa Khirisimasi, mpango watsopano, dengu la utaka pambali. Kumbuyo kwawo msuweni, atavala nsapato.

Azakhali agwada. "Ndamva kuti kwabwera a Sinoya. Malemu amuna anga anali ndi mng'ono wawo amene anathawa ku mishoni. Ndati ndikaone ndi maso." Atchula dzina loyamba la mng'onoyo. Ndi lomwe lili pa kalata ya ku boma.

A insipekitala nkhope yasanduka phulusa.

Azakhali awagwira dzanja lamanja ndi manja awiri, akulitembenuza, akuliyang'ana nthawi yaitali ngati akugula nsalu. Kenaka nthungululu. "Alamu anga! Mwakula bwanji!"

Ndipo osapuma: "Uyu wonenepayu ndiye mwana wa achimwene anu weniweni. Koma dzina anabwereketsa uyu wowondayu, mwana wa mlongo wanga, kuti apite nalo kusukulu. Inu ndinu a m'banja, palibe chobisa."

Ndaona satifiketi, ndaona malipiro, ndaona mayi a kunyumba ali pa lole ya ku Maganga ndi mapoto.

Azakhali akupitiriza. Manda a achimwene awo alibe chiliza mpaka lero, anthu akuseka. Simenti matumba ochepa chabe. Mwezi wa mawa ungakhale bwino, mvula isanaganize zobwera. A insipekitala akungoti, "Inde, alamu. Inde, alamu." Dengu la utaka lakwera galimoto.

Azakhali atachoka tatsala awiri. Iwo akupukuta magalasi amene ndi oyera kale.

"Zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu, bwana."

"Ine zapitirira makumi atatu. Mwini wake pothawa anasiya bulangete, mbale ndi dzina, fizi italipiridwa kale. Ndinatenga zonse zitatu. Bulangete linatha, mbale inabooka." Avala magalasi. "Sabata yonseyi sindinadye, nditaona dzina lanu pa mndandanda. Ndimati ndakumana ndi eni ake."

Ndatsala pang'ono kuwakumbatira. Ndayamba kuona malata.

"Phunziro lanu la mitsinje linali labwino, a Sinoya. Kuposa nyimbo. Koma ndikakuyamikirani, ku boma akati Sinoya wakweza m'bale wake. Akatero afufuza ubalewo. Inu mungakonde afufuze?"

"Ayi, bwana."

"Nanenso."

Ahedi afika ndi buku. Asayina. Siginecha yawo ndi yokongola, ya munthu amene anachita kuiphunzira.

Loweruka

Ahedi awerenga m'buku la alendo katatu, sakumvetsa. Muli mizere isanu yoyamika kwaya. Za ine muli mawu awiri: "Akuyesetsa ndithu." Akuti, "Achibale ena ndi ouma mtima." Ndavomereza.

Mayi Gama ali ku nyumba ya malata ndi chingwe, akuyeza mawindo. Andiona, andikodola. Akufunsa ngati manila atsalako, akufuna kulembapo ndandanda ya aphunzitsi osesetsa bwalo. Akuti ayamba ndi zilembo za kumapeto, S akhale woyambirira. Kenaka, mokoma, "Paja Gama munati amatanthauza chiyani?" Ndati ndaiwala.

Ana 21 aja mayeso adzalemba. A Jafali atumiza chambo ziwiri popanda uthenga.

Mudzi wonse tsopano ukudziwa kuti ndine mwana wa achimwene awo a insipekitala. Amene afika kale pakhomo:
- mayi wofuna kuti mwana wake asankhidwe,
- mphunzitsi wa sukulu ya kutsidya kwa dambo wofuna kusamutsidwa,
- a Foloko, opanda jekete, akuti mwina agogo awo anaphikako pang'ono,
- a tcheyamani, kudzabweza chidutswa chija. Akuti anangochisunga kuti chisatayike.

Masana ndapita kwa azakhali kukadandaula. Ndawapeza akusankha mpunga. Ndati akanandiphetsa.

Sanadzutse mutu. "Alamu anga enieni chala ichi analibe. Ng'ona ya m'dambo inatenga ali mwana. Ndinawaona pa ukwati wanga, ankagwira chikho ndi zinayi."

Ndakhala pansi.

"Wa dzulo uja ali ndi zisanu. Ndinawerenga kawiri. Nditaona zisanu ndinadziwa kuti iwe palibe chimene angakuchite."

Ndafunsa chifukwa chake aimba nthungululu.

"Wa zala zinayi zaka zonsezi sanatumize ndi sopo yemwe. Wa zisanu ali ndi galimoto. Wadya dzina la m'nyumba muno mpaka imvi, amange chiliza." Apeta mpunga. "Nawenso uyambe kukonzeka. Mchenga ndi miyala ndi zako."

Lamulungu

Kutchalitchi atiika mpando wa kutsogolo. A m'banja la a insipekitala. Mayi a kunyumba akhala mowongoka, koma potuluka ayang'ana mitambo, ngakhale ino si nthawi yake. Za ku Maganga sanatchule. Bola akanatchula.

Chipepala ndachichotsa. Chidutswa cha dzina lofiira lija ndachisiya pakhoma, poti palibe amene angayerekeze kuchimatula. Chotsalacho msuweni wapempha, akuti akulungira mbedza.

Dzuwa lili pamutu wanditumira uthenga kuti ndipite kudoko. Boti latsopano lija likulowa m'madzi lero, ndipo asodzi onse zilembo zawo n'zokhota. "Iwe unapita ku sekondale ndi dzina langa. Bwera ulipire." Utoto wofiira, burashi ya nthenga za nkhuku.

Ndagwada pamchenga ndi thalauza la kutchalitchi. P, O, N, D. Zaka khumi ndi zisanu chilembere dzinali poyera. Dzanja silinaiwale. Ndalemba mbali zonse ziwiri, mowongoka, popanda rula. Palibe amene wabwera ndi jekete kudzati ndifufute.

Pondamali ali ndi maboti atatu tsopano, injini ziwiri, nyumba ya malata, mimba. Sinoya ali ndi satifiketi ziwiri m'manja mwa anthu awiri, ndi chiliza chimene chikubwera.

Utoto usanaume bwino alikankhira m'madzi. Dzina langa lanyamuka kupita ku Mbenji, likuthamanga ndithu. Ndaliyang'ana mpaka zilembo zasiya kuwerengeka.

Za mawa ndikaweruka:
- kubwereka chikwakwa,
- udzu mitolo makumi anayi,
- luzi,
- mchenga wa azakhali.